Kiyi ili kuchikamwini

Amalume anga a ku Bwanje anaiwala pasiwedi ya imelo yawo. Foni inawauza kuti atsimikize kaye ngati ndi iwodi. Anapsa mtima: "Anyakwawa amandidziwa, abusa amandidziwa, ndiye kafoni kogula ndekha nkumandikayikira?"

Ndinati musadandaule malume, akutumizirani timanambala 6 pa nambala imene munalembetsa potsegula imeloyo. Anangoti zii, uku akukanda dazi. Kani nambalayo ndi ya mayi akunyumba, omwe anawalongedzetsa pachikamwini mwezi wathawu pa nkhani ya ndalama za mpunga.

Dzulo ndawaona pamsika akugula chitenje ndi shuga, ankhoswe ali pambuyo. Ukwati ukuoneka kuti ubwerera, koma imelo ikadali yotseka.