Mmene mungaphonyere nkhwazi ndi lenzi ya mamilimita 1200

Ngati mwatopa ndi zithunzi za mbalame zooneka nthenga ndi maso, mankhwala ake alipo, ndipo amakwana m'thumba la jekete. Dzina lake ndi teleconverter, kachitsulo ka magalasi komwe mumakamanga pakati pa kamera ndi lenzi. Ka 1.4x kamatenga lenzi ya mamilimita 600 n'kuifikitsa pa 840, pomwe ka 2x kamaikankha mpaka pa 1200. Ka 1.4x kasiyireni anthu amantha. Inu gulani ka 2x, chifukwa anzanu akamafunsa, nambala yaikulu ndi imene imamveka bwino pakamwa.

Kachitsuloka ndi katapila. Kamakubwereketsani mamilimita lero lomwe, popanda fomu kapena mboni, koma chiwongoladzanja chake kamatolera m'kuwala. Ka 1.4x kamalanda theka la kuwala kofika mu kamera. Ka 2x kamalanda magawo atatu mwa anayi, inu n'kutsala ndi limodzi. Tsono kuti ngongoleyo ikukomereni, ikani kachitsuloka pa lenzi yomwe ili kale pa umphawi. Zoomu za 150-600mm za Sigma ndi Tamron ndi zabwino kwambiri pa ntchitoyi, chifukwa zikatambasuka mpaka pa 600 zimakhala zili kale pa f/6.3. Onjezani 1.4x, mwafika pa f/9. Onjezani 2x, muli pa f/13. Aliyense wokuuzani kuti muyambe mwachita masamu amenewa musanapereke ndalama ndi wanjiru, musamuyankhe.

Wobweza ngongoleyo si inu ayi, ndi autofocus. Mu kamera za DSLR, kuwala kwina kumadutsa pa galasi la m'kati n'kutsikira pa kasensa kobisika pansi pa kamera. Kasensako kamayang'ana mbalame kawiri, kudzera m'mphepete ziwiri zoyang'anizana za lenzi, n'kufananiza zithunzi ziwirizo. Kusiyana kwake ndi kumene kumauza mota ya lenzi mbali yopita ndi mtunda woyenda. Bowo lolowera kuwala likachepa, mphepete zija zimatsekeka, ndipo kasensa kamatsala kopanda chofananiza. Kamera zambiri za mtunduwu anazipanga kuti zizigwira ntchito mpaka pa f/5.6 basi. Zoomu za f/6.3 zimadutsa mokankhiza. Choncho mukaipatsa kamera yotere f/13, mwaichitira zabwino, mwaipumitsa pa ntchito.

Pali kamera zina zakhama zomwe zimafuna kusokoneza dongosolo lanu polimbikira mpaka pa f/8. Musade nkhawa, nazonso zimafikako zitatheratu. Nikon D500 ya 2016 ili ndi timadontho ta fokasi 153, koma pa f/8 timatsala 15. Canon 7D Mark II ya 2014 ili ndi 65, ndipo pa f/8 mumadalira ka pakati. Canon 5D Mark III inachita kudikira firmware ya 2013 kuti iphunzire f/8. Njira yake ndi yosavuta: kambiranani ndi nkhwazi kuti ikamatsika kudzatola nsomba iziuluka pakati penipeni pa chithunzi, isakhotere uku kapena uku. Ndi mbalame yaulemu, ikumvani. Ingokumbukirani kuti f/8 mumaipeza ndi lenzi ya f/5.6, monga Nikon 200-500mm kapena Canon 100-400mm, mutaika ka 1.4x kamantha kaja. Inu a f/13 munaudutsa kale mzerewu, zimenezi sizikukukhudzani.

Kamera ikakana kugwira fokasi, inamizeni. Ojambula ogwiritsa ntchito Canon anatulukira kale nzeru yomata selotepi pa timapini titatu ta teleconverter, kuti kamera isadziwe zoti kachitsuloka kalipo. Palinso ma teleconverter ena otsika mtengo omwe mwachibadwa sauza kamera chilichonse. Kamera ikakhulupirira bodzalo imayamba kuyesa, ndipo apa ndi pamene pali chisangalalo chenicheni. Mwaloza lenzi kwa nantchengwa waima pa mwala. Mwakhudza batani. Mota ikulira chapansipansi, mbalame ikuyamba kuoneka, mlomo uwo, diso ilo, mtima wanu m'mwamba, kenako mota yadutsa osaima, zonse zasanduka phala lobiriwira. Yafika kumapeto, yatembenuka, ikubwerera, diso lija laonekanso kamphindi, yadutsanso. Kachitatu yaima motsimikiza, kamera n'kulira kuti pii: yagwira bango lomwe lili mamita asanu kumbuyo kwa mbalame. Dinani shutter msanga, bango silithawa. Selotepi sabweza kuwala ngakhale pang'ono, amangochotsa chowiringula cha kamera, ndiye vuto lonse limakhala lanu ndi dzina lanu, zomwe ndi ufulu waukulu.

Pambali pa lenzi pali kaswitchi kochepetsa mtunda umene mota imafufuza. Pa Sigma 150-600mm Contemporary mungakaike kuti kazisaka kuyambira mamita 10 kupita kutsogolo, ndipo ulendo wa mota umafupika kwambiri. Musakakhudze. Kasiyeni pa Full, kuti nthawi iliyonse fokasi ikasochera izibwerera mpaka pa mamita 2.8 kukaona ngati nkhwazi yatera pa phewa la mnzanu. Nawo a Canon anaganizira anthu ngati inu: kamera ikazindikira kuti pali teleconverter imachepetsa dala liwiro la mota kuti isamadutse poyenera kuima. Mumapeza mpata wokwanira woonera mbalameyo ndi maso ikupita.

Nthawi ndi malo zisankheni mosamala. Kulibe malo oposa Liwonde mwezi wa October, dzuwa lili paliwombo. Imani tsidya lino la Shire n'kuloza tsidya linalo. Mpweya wotentha wokwera pamwamba pa madzi ndi mchenga umavinitsa chilichonse, ndipo teleconverter sisankha, imakulitsa mbalame pamodzi ndi kuvina kwa mpweyawo. Ngati mwakwera boti, pemphani woyendetsa asazimitse injini, ndipo tsamiritsani chigongono pa chitsulo cha botilo kuti kunjenjemera konse kufike pa magalasi. Tripod isiyeni kunyumba. Pa mamilimita 1200 ngakhale kugunda kwa mtima wanu kumaoneka pachithunzi, ndiye bwanji osakusunga ngati chikumbutso? Amene sakonda kutentha adikire dzuwa lilowe. Mbalame youluka imafuna shutter ya 1/2000 kapena kuposa. Pomwe mnzanu wopanda teleconverter akujambula pa ISO 3200, inu mufunika 12800 kuti mupeze liwiro lomwelo. Timchenga tomwe tidzaze chithunzicho muzititchula kuti luso.

Chenjerani ndi kamera za mirrorless, zikuononga mwambo. Zimagwira fokasi pa sensa yeniyeni yojambulira, motero malire a f/5.6 ndi f/8 aja sizikuwadziwa. Mu 2020 Canon inatulutsa lenzi ya 800mm yomwe imayambira pa f/11, ndipo pa EOS R5 autofocus imagwirabe ngakhale mutaika 2x n'kufika pa f/22. Zopanda ulemu. Komabe musataye mtima, kuwala kolandidwa kuja sikubwerera chifukwa choti mwasintha kamera. Kukada, kapena mbalame ikakhala mu mthunzi wa mitengo, nayonso mirrorless imayamba kukayikakayika, ISO n'kukwera ngati kale. Ndipo Canon RF 100-500mm ili ndi mphatso yakeyake: teleconverter imalowa pokhapokha lenzi itatambasulidwa kufika pa 300, ndipo ikalowa simungabwererenso pansi pa 300. Njovu ikatulukira pafupi ndi galimoto mujambula khutu, ndipo lenziyo siifupikanso kuti ilowe bwino m'chikwama.

Mudzakumana ndi anthu ofuna kukubwezani m'mbuyo. Wina adzati teleconverter anaipangira malenzi owala osatambasuka, monga 300mm f/2.8 yomwe ndi 2x imakhala 600mm f/5.6, kapena 500mm f/4 yomwe ndi 1.4x imakhala 700mm f/5.6, autofocus ili bwinobwino. Ndi zoona, koma mufunseni mtengo wake, kenako mumupatse madzi akumwa. Wina adzati jambulani popanda kachitsuloka n'kudula chithunzi pa kompyuta, poti pa ma megapixel 24 mukadula mofanana ndi 1.4x mumatsala ndi 12, okwanira kusindikiza chithunzi chachikulu ndithu, chili chakuthwa. Muuzeni kuti kudula ndi kubera. Woopsa kwambiri ndi uja amati khalani phee pamalo amodzi m'mamawa, mbalame ibwera yokha pafupi. Ameneyo sanagulepo kanthu, alibe choti akuphunzitseni.

Mukafika kunyumba ndi zithunzi mazanamazana, sankhani chimodzi chomwe kadontho kakuda kali pafupi ndi pakati. Kazungulizeni ndi mzere wofiira kuti achibale asavutike kusaka, ndipo pansi pake lembani zilembo zazikulu kuti 1200mm. Wina akafunsa kuti ndi mbalame yanji, yankhani kuti ndi yosowa kwambiri, akatswiri akufufuzabe. Pakatha miyezi ingapo kabwezereni kachitsuloka m'bokosi mwake, kajambuleni ndi foni, n'kulengeza pa Facebook kuti mukugulitsa teleconverter yatsopano ndithu, yongogwiritsidwa ntchito kawiri. Wogula akafunsa ngati autofocus imagwira, muuzeni kuti mota yake ndi yamphamvu, siima.