Tsiku limene zitseko za MGB zinakana kutsekeka

Ndalama zomwe ndinagulira galimoto imeneyi zinali za malata. Ine ndi akazi anga tinkasunga pang'onopang'ono kuti tifolere nyumba yomwe tikumanga kwathu ku Dedza, ndipo makoma anali atakwera kale kupitirira mawindo. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa chilichonse chomwe chinandigwera pambuyo pake chinkandipweteka kawiri, podziwa komwe ndalamazo zinachokera.

Ndimakhala m'chigawo cha Oxfordshire ku England, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kufupi ndi komwe timakhala kuli tawuni ya Abingdon, komwe kunali fakitale ya MG mpaka pamene inatsekedwa mu 1980. Kuyambira mu 1962, fakitaleyi inatulutsa magalimoto a mtundu wa MGB oposa 500,000, ndipo ambiri anakagulitsidwa kunja, makamaka ku America. Mpaka lero, kunja kukawala Lamulungu, mumawaona akudutsa m'misewu ya kuno denga litapindidwa, injini ikulira mwa mtundu wakewake. Mtima wanga unkapita nawo.

Chomwe chinandilimbitsa mtima ndi chakuti ndili mnyamata ndinkathandiza amalume anga pagalaja yawo ya m'mbali mwa msewu. Ndinkawapatsira masipanala, kutsuka mapulagi ndi petulo, ndi kuwaunikira akalowa pansi pa ma Land Rover akale. Ndinakula ndikudziwerengera m'gulu la odziwa galimoto. Choncho nditamva kuti mkulu wina akugulitsa MGB ya 1966 yomwe inakhala zaka zambiri osayenda, ndinapita ndekha, madzulo, mvula ikuwaza. Penti wake wofiira ankanyezimira chifukwa cha madzi. Ndinaizungulira, ndinakhala pampando, ndinagwira chiwongolero, basi ndinalipira.

Kunyumba ndinauza akazi anga kuti ndiikonza mwachangu ndi kuigulitsa pa mtengo wokwera, ndipo malata agulidwa mvula isanayambe kumudzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Inu bambo, mwaiona bwinobwino kunsi kwake?" Ndinawayankha kuti ndaiona. Sindinali nditagwada n'komwe.

Mavuto oyambirira anali aang'ono, ndipo anayenera kundichenjeza. Masipanala anga onse anali a mamilimita, pamene mabawuti a MGB ndi a muyeso wa mainchesi. Ndinakakamiza, mitu ya mabawuti angapo n'kuperepeseka mpaka sipanala kumangozungulira. Matayala ake ndi a masipoko, omangidwa ndi nati imodzi yaikulu yapakati yomwe amaimenya ndi hamala. Mbali ya kumanja natiyi imamasukira kwina, mosiyana ndi nati wamba. Ine ndinaimenya molimba ndikuganiza kuti yagwira dzimbiri, chonsecho ndikuimangitsa. Muvi wosonyeza komasulira unali pomwepo pa natiyo, utakwiririka ndi girizi.

Kenako inabwera nkhani ya magetsi. Ndinatsegula boneti kufuna batire, koma munalibe. MGB ya zaka zimenezo imakhala ndi mabatire awiri a mavoti 6, obisika kuseri kwa mipando, pansi pa chivundikiro chachitsulo. Nditagula atsopano ndinawalumikiza monga ndinazolowera, waya wa negative kupita ku thupi la galimoto. Koma MGB zomwe zinapangidwa chisanafike chakumapeto kwa 1967 zimafuna kuti positive ndiye apite ku thupi. Nditatembenuza kiyi kunamveka fungo la kupserera, ndipo geji yowerenga liwiro la injini inafa osadzukanso. Injini italira pambuyo pake, ndinayamba kupotokola masikuluu a makabuleta ake awiri a SU mongoyerekeza, mpaka utsi wakuda unadzaza galaja ndi kulowa kukhitchini.

Zonsezi zinali zotheka kukonza ndi ndalama zochepa. Choopsa chenicheni chinali pansi pa zitseko.

Tsiku lina ndikupukuta galimotoyo ndinaona timatuza pa penti, m'munsi mwa chitseko cha woyendetsa. Nditadina ndi sikuludiraiva inalowa yonse. M'malo mwa chitsulo munatuluka phala louma lomatira mabowo, zidutswa za nyuzipepala ndi fumbi lofiirira la dzimbiri. Mbali inayo zinali chimodzimodzi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo ine ndinali nditagula mkuyu wotero ndi ndalama za banja langa. Kuno m'nyengo yozizira amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke. Matope a mchere amenewo amalowa m'zitsulo zamphako za pansi pa zitseko, zomwe eni ake amazitcha sill, ndipo dzimbiri limadya kuchokera mkati. Pomadzaonekera kunja, mkati mumakhala mutatha.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chomwe chimandiwawa mpaka pano. Ma Land Rover omwe ndinakulira nawo ali ndi chasisi cholimba pachokha, ndipo thupi limangokhala pamwamba. Ukhoza kudula chitsulo chowola cha thupi, galimoto osasuntha ngakhale pang'ono. Ndinaganiza kuti MGB ndi yotero. Koma MGB ilibe chasisi chapadera. Thupi lake lomwelo ndilo limanyamula injini, magiya ndi anthu, ndipo poti yangayi ilibe denga lachitsulo, mbali yakutsogolo ndi yakumbuyo zimagwirizidwa kwambiri ndi ma sill awiriwo. Sindinadziwe zimenezi, ndiponso sindinafunse munthu.

Ndinabwereka grinder kwa mnzanga wa kuntchito. Ndinachotsa zitseko zonse ziwiri kuti ndipeze mpata wogwirira ntchito, ndinakweza galimotoyo pa zogwiriziza zinayi kumapeto kwake, n'kudula chitsulo chowola mbali ya kumanja. Poona kuti ntchito ikuyenda, ndinadulanso mbali ya kumanzere tsiku lomwelo. Ndili mkati modula, nthethe za moto zinagwera pa phula lakale lomwe anapaka kunsi kwa galimoto, ndipo linayamba kuyaka. Mwana wanga wamwamuna ndiye anaona utsi nafuula kuti, "Adadi, moto!" Tinauzimitsa ndi bulangete lonyowa. Paipi ya petulo inali pafupi, ndipo ndinali ndisanakhuthule thanki. Ndikaganiza kuti mwanayo anali ataima pomwepo, thupi limachita tsemwe.

M'mawa mwake ndinabwezera chitseko kuti ndiyeze chitsulo chatsopano. Chinakana kulowa. Pamwamba chinkagunda thupi la galimoto, pansi pali mpata woti chala n'kulowa. Chitseko chinacho chinakananso. Galimoto inali itapindika pakati usiku umenewo, mwakachetechete, chifukwa ndinali nditachotsa zomwe zinkaigwira. Ndinakhala pansi pa simenti yozizira ya m'galajamo, osadziwa kolowera.

Chomwe ndinaganiza kenako ndicho chovuta kuchiulula. Ndinapita kusitolo n'kugula chitini chachikulu cha phala lomatira lija ndi penti wofiira. Maganizo anga anali oti ndiwotcherere chitsulo chakunja chokha, ndipale m'mphepete mwa zitseko mpaka zitseke, ndimate, ndipente, n'kuigulitsa msanga kuti ndalama za malata zibwerere. Akazi anga anachipeza chitinicho. Sanakweze mawu. Anangoti, "Ndiye mukufuna mwana wa mwini akakwere m'menemo? Zomwe anakuchitani inu, mukachitenso mnzanu? Ndalama zoterozo sizikafolera nyumba yanga." Ndinabweza chitinicho kusitolo.

Akazi anga omwewo ndi amene anakagogoda pakhomo la mkulu wina wa m'dera lathu, yemwe ali mnyamata anagwirako ntchito pa fakitale ya ku Abingdon. Ine ndinkachita manyazi kumufunsa, ngakhale kuti nthawi zonse akamadutsa ndi galu wake ankasuzumira m'galaja mwanga. Anabwera ndi tochi ndi kamaginito. Sanandiseke. Anayendetsa kamaginito kaja m'mbali mwa galimoto yonse, ndipo paliponse pomwe kanakana kumamatira ankalembapo ndi choko, kusonyeza kuti pamenepo pali phala osati chitsulo. Anandiuza kuti ndikanatenga kachinthu kameneka pokagula, masana dzuwa likuwala, bwenzi nditadziwa zonse ndisanatulutse ndalama.

Kenako anandijambulira papepala momwe sill ya MGB inapangidwira. Si chitsulo chimodzi ayi. Pali chakunja chomwe chimaoneka, chapakati choimirira, chamkati, ndi china chapansi chomwe amachitcha castle rail. Zikawotchereredwa pamodzi zimapanga bokosi lolimba kuyambira kuseri kwa tayala lakutsogolo mpaka kutsogolo kwa lakumbuyo, ndipo nsonga zake zimabisika pansi pa zitsulo zophimba matayala. Anati usanadule umayamba wawotcherera zitsulo zopingasa pa makomo onse awiri kuti thupi lisasunthe. Zitseko umazisiya pomwepo, mahinjesi ali bwino, chifukwa mipata yake ndiyo muyeso wako. Ndipo umamaliza mbali imodzi usanakhudze inzake. Malamulo atatu onsewo ine ndinali nditawaswa tsiku limodzi.

Anandiuzanso kuti kampani ya British Motor Heritage, yomwe ili ku Witney m'chigawo chathu chomwechi, yakhala ikupanga matupi atsopano a MGB kuyambira mu 1988, pogwiritsa ntchito zikombole zenizeni za kale. Mtengo wake sindikanaukwanitsa. Tinasankha njira yapang'onopang'ono. Tinakhuthula thanki, kuchotsa mabatire ndi makapeti, n'kubwezera zitseko. Kenako tinaika jeke ndi thabwa lochindikala pakati pa galimoto, ine ndikukweza pang'ono kwambiri, mkuluyo akuyang'ana mpata wa chitseko ndi kundiimitsa ndi dzanja. Mipata italingana mbali zonse, tinaitana munthu wodziwa kuwotcherera kuti amange zitsulo zopingasa zija ndi kulowetsa ma sill atsopano, mbali imodzi kenako inzake. Ntchito yanga inali kupala dzimbiri, kugwirizira zitsulo ndi kukhala tcheru ndi chozimitsira moto.

Ntchitoyi inatenga nthawi yaitali kuposa momwe ndinalonjezera. Mvula inayamba kumudzi nyumba ili yosafolera. Ndinaimbira foni alamu anga kuwapempha kuti aphimbe makoma ndi mapepala apulasitiki, komabe njerwa za pamwamba pa khoma lina zinanyowa n'kugumuka. Apongozi anga atafunsa chomwe chachedwetsa malata, ndinawauza zoona zake, popeza akazi anga anakana kundibisira. Anakhala chete pa foni, kenako anati chachikulu n'chakuti mwana sanapse. Ndinayamba kugwira mashifiti ausiku owonjezera, ndipo malata anagulidwa chaka chotsatira ndi ndalama za mashifitiwo. Galimoto sinabwezepo kanthu.

Thupi litalimba, mkulu uja anandiphunzitsa kukonza injini motsata ndondomeko. Anati makabuleta amakhudzidwa pomalizira. Umayamba ndi mipata ya mavalavu, kenako mpata wa mapointi mu distributor, womwe umakhala mainchesi 0.015, kenako nthawi yomwe moto umafika ku mapulagi, motsata dongosolo la 1-3-4-2. Zimenezi zikakhala bwino ndi pamene umalinganiza makabuleta awiri aja kuti azikoka mpweya mofanana. Iye ankachita zimenezi pomvetsera ndi kapaipi kamphira kukhutu, ndipo anandipatsa kuti nanenso ndimve mpaka khutu linazolowera. Anandionetsanso kuthira oyilo pang'ono pamwamba pa kabuleta iliyonse, kanthu komwe ndinali ndisanamvepo. Injini ya 1798 cc yomwe inkatsokomola utsi wakuda inayamba kulira mosalala.

Kuyambira mu 2018, malamulo a kuno salamula kuti galimoto yoposa zaka 40, yomwe sinasinthidwe kwambiri, izikayezedwa chaka ndi chaka pa mayeso a MOT. Yanga ndinaipititsa ndithu, nditasintha mapaipi a mabuleki ndi matayala omwe anali atauma ndi ukalamba. Ndinkafuna kuti munthu wina wosandidziwa alowe pansi pake ndi tochi, aone zomwe tinawotcherera, anene yekha ngati ili yoyenera kunyamula mwana wanga. Inakhoza. Mkati mwa ma sill tinapoperamo phula loteteza ku dzimbiri, ndipo m'nyengo ya mchere galimotoyo siituluka m'galaja.

Ndimaikondabe MGB imeneyi, mwina kuposa kale, chifukwa tsopano ndikudziwa chomwe chimaigwira. Ndi galimoto yomwe munthu wamba angathe kuisamalira pakhomo, zipangizo zake zimapezeka mosavuta, ndipo anthu oidziwa alipo ambiri, okonzeka kuthandiza wofunsa. Ntchito yatsala ndi ya mutu wa injini. Injinizi zinapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, yemwe analeka kugulitsidwa wamba kuno mu 2000, choncho pokhala mavalavu otulutsa utsi pamafunika kuikapo zitsulo zolimba. Tagwirizana kuti ntchitoyi tidzaiyamba m'nyengo yozizira ikubwerayi. Mtengo wa zipangizo ndaulemba kale papepala ndipo akazi anga auona, mabawuti ndidzamasula ndi masipanala a mainchesi, ndipo mkulu uja walonjeza kuti adzakhalapo kuyambira pa bawuti yoyamba.