Ulemu Upite kwa a Goomba

Masiku ano mdani wa m'masewera a pakompyuta saloledwa kungoipa basi. Afunika chifukwa, ndipo chifukwacho chitalike. Taonani Sephiroth wa mu Final Fantasy VII ya 1997. Mkuluyu anadzitsekera m'chipinda cha mabuku kunsi kwa nyumba ya Shinra, n'kuwerenga usana ndi usiku mpaka kutulukira kuti kubadwa kwake kunali ntchito ya asayansi. Mtima utamupsa anatentha mudzi wa Nibelheim, kenako n'kuganiza zoitana chimwala chakuthambo kuti chivulaze dziko, iye asanduke mulungu. Zonsezi nkhani ya makolo! Naye Handsome Jack wa mu Borderlands 2 amapha anthu uku akudzitcha mpulumutsi, chonsecho mwana wake Angel anamutsekera m'makina.

Ine akuluakulu a maganizo akuyawa anditopetsa. Ulemu wanga ukupita kwa a Goomba.

A Goomba ndi kabowa kofiirira, ka nsidze zokwinya ndi timapazi tiwiri, manja alibe. Ndiwo mdani woyamba kukumana naye mu Super Mario Bros. ya Nintendo, ya 1985. Ntchito yawo ndi kuyenda. Akagunda paipi amabwerera. Akafika paphompho amagweramo osacheuka. Mario akawadumphira pamutu amangoti phwatalala, wosewera n'kulandira mapointi 100. Simudzawamva akukamba za ubwana wawo.

Ngakhale kulembedwa ntchito kwawo n'kodzichepetsa. Opanga masewerawa anawaika kumapeto kwa ntchito yawo, zitaoneka kuti kamba wotchedwa Koopa Troopa ndi wovuta kwa ongoyamba kumene. Kunafunika wina woti azifa mosavuta, ndipo a Goomba sanawiringule. Malo m'katiriji anali atatsala pang'ono kutha, choncho anawajambulira chithunzi chimodzi choyendera, n'kumachitembenuza uku ndi uku kuti azioneka ngati akuponda.

Nanga cholinga chawo? Kabuku ka malangizo kamangoti anapandukira Ufumu wa Bowa. Kwatha. Kaya anakangana ndi ndani, kaya bwana wawo Bowser anawalonjeza chiyani, eni ake ali duu. Kuya kwenikweni ndi kumeneku, osati kobwebweta mphindi khumi usanasolole lupanga.

Tikanena za zipatso za ntchito, pamenepo ndiye ndimavula chipewa. Kuti umupeze Sephiroth pankhondo yomaliza umafunika maola makumimakumi, ndipo ambiri amasiyira panjira. A Goomba amakugwetsa masekondi oyambirira, chala chisanadziwe batani lodumphira. Ana, makolo, agogo, onse anagwapo pamenepo. Ndikhulupirira kuti palibe wa tsitsi lalitali kapena wa lupanga lalikulu amene wapha a Mario ambiri chotere.

Bowser naye ndi bwana woumira. Mu Super Mario Bros. 3 ya 1988 a Goomba ena anawapatsa timapiko, ena nsapato imodzi yaikulu yobiriwira yodumphadumpha nayo. Nsapatoyo imapezeka m'gawo la 5-3 lokha, ndipo Mario amailanda n'kuvala yekha.