Madokotala a pa benchi la kusikelo

Tsiku la sikelo m'tauni muno limayamba dzulo lake. Mwana wokayezedwayo amakhala atagona kale, koma amake ali pa simbi, kusita chitenje chija chimene sichipita ngakhale kumaliro. Kumudzi amangotenga mwana, buku la kuchipatala ndi thewera limodzi. Kuno pamafunika chikwama cha mapampasi, botolo, shawelo ndi kachipewa kaubweya, olo kukhale mwezi wa Okutobala.

Mukafika mamawa mupeza mabuku aunjikidwa kale patebulo, eni ake ali pamabenchi kuyang'anana m'mutu kuti aone amene waluka tsitsi latsopano. Alangizi a zaumoyo amayambitsa nyimbo, kenaka phunziro: mwana ayamwe mwakathithi kufikira miyezi 6, osamupatsa madzi kapena phala. Amayi onse amavomera ndi mutu. Amene amavomera mwamphamvu kuposa onse ndi uja wabisa kabotolo ka tiyi m'chikwama, mwana wake wa miyezi itatu atatopa nako kale.

Kenaka kuyeza. Mwana amamuvula, kumulowetsa m'kabudula wa nsalu, nalendewera akulira mokweza. Apa ndi pamene zinsinsi za m'banja zimaonekera. Mayi amene Lamulungu amatsogolera mapemphero, mwana wake ali ndi kachingwe kakuda m'chiuno, kachithumwa kakulendewera.

"Ndi za agogo ake izi, anesi. Ine sindinaone n'komwe."

Alangiziwo satchula makilogalamu monong'ona. Akati "7.8!" benchi lonse lamva, ndipo amake amabwerera pamalo pawo mwapang'onopang'ono kuti aliyense awaone bwino. Koma mwana akatsika ndi magalamu 200, mlandu sukhala wa kunyumba. "Sikelo yanuyi ili ngati ya mavenda ogula soya, imadya makilo."

Komatu chipatala chenicheni chili pabenchipo. Madokotala ake alibe satifiketi, koma palibe nthenda imawasowetsa mtendere. Tangoyerekezani kunena kuti mwana wanu akutsegula m'mimba.

"Ndi mano amenewo, asisi, musadandaule."

"Ayi, ndi mkaka wopsa. Munayenda naye padzuwa."

"Mumugulire Gripe Water, wanga anachira tsiku lomwelo."

Agogo amene aperekeza mpongozi wawo sayankhula msanga. Amasisita mwanayo pamutu, napeza kuti liwombo lalowa m'kati, basi nkhope yasintha. Amatchula mawu amodzi okha, "tsempho", ndipo benchi lonse limadziwa kuti bambo wa mwanayo, amene pa nthawiyo ali kuntchito osadziwa kanthu, waweruzidwa kale.

Mayiyo akalowa kwa anesi amamva zina. Liwombo lalowa chifukwa madzi achepa m'thupi. Asungunule paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, azimumwetsa pang'onopang'ono, amupatse zinki kwa masiku osachepera 10, ndipo bere asasiye. Akaona kuti mwana akukana kuyamwa, akusanza chilichonse kapena wafooka, abwerere pompo. Mayiyo amatuluka atakwinya nkhope. "Minibasi ziwiri, kudzalandira mchere ndi shuga? Olo kajakisoni kamodzi?" Kwathu kuno mankhwala osapweteka timawakayikira.

Jakisoniyo akabwera ndiye timaona amuna enieni. Katemera amayamba mwana atangobadwa, kenaka pa masabata 6, 10 ndi 14, wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Ngakhale katemera wa malungo, amene dziko lonse lapansi linamudikira zaka zambiri, anayambira kuno ku Malawi mu Epulo 2019, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Bambo wina wovala tayi amazifotokoza zonsezi pabenchi ndi mawu aakulu. Anesi akangotulutsa singano n'kunena kuti "Bambo, gwirani mwendowu", foni yake, imene palibe waimva ikulira, imamuitanira panja.

Komabe iyeyo wabwera. Pena mayi wobwera ndi mwamuna wake amathandizidwa msanga pofuna kulimbikitsa abambo, ndipo amayi a m'tauni sanachedwe kuona mwayi. Tsiku lina panalowa banja lokongola ndithu, bambo atanyamula chikwama.

"Bambo, mwanayu ali ndi miyezi ingati?"

Bamboyo anayang'ana mayiyo. Mayiyo anayang'ana kudenga.

"Nanga dzina lake?"

"Aaa, anesi, ine ndi wa kabaza."

Mpikisano waukulu umatsala wa kuyankhula. Mwana aliyense wa m'tauni muno ndi wanzeru zodabwitsa, malinga ndi amake. Wina anatchula "dadi" ali ndi miyezi inayi. Wina amadziwa kale kusiyanitsa Chingerezi ndi Chichewa, ndipo akamva Chichewa amalira. Zoona zake n'zakuti mwana amayamba kumwetulira munthu akamayandikira miyezi iwiri, kubwebweta "bababa" ndi "mamama" cha m'miyezi 6 kupita m'tsogolo, ndipo mawu enieni amabwera akamakwanitsa chaka. "Baba" amene bambo anaitanira anzawo kudzamwera zoziziritsa kukhosi, mwanayo amamunenanso kwa mphaka, kwa ndowa ndi kwa kondakitala.

Anesi amafunsa mafunso ooneka achibwana. Kodi chitseko chikamenyeka amadzidzimuka? Mukamuitana dzina amatembenuka? Amakuyang'anani m'maso? Amaloza chimene akufuna? Amafunsa chifukwa mwana wosatembenukira phokoso angakhale ndi vuto la makutu, ndipo likadziwika msanga thandizo lilipo.

"Amaloza, mayi?"

"Eee, anesi, amatha kutsegula YouTube yekha."

Mayi ameneyo analetsa agogo kuyankhula ndi mwana m'Chichewa, poopa kuti angamuwonongere lilime asanayambe kunazale. Tsiku lonse mwana amakhala ndi foni, kuonera tizidole tolumphalumpha tosamuyankha kanthu. Koma pabenchi pomwepo agogowo atangoomba m'manja kawiri n'kumutchula mfunda wake, mwana anataya foniyo pansi, kuseka mpaka dovu kutuluka, nayankha "agu". Agogo anati "agu" nawonso. Anacheza choncho mpaka buku lawo linaitanidwa, amake ali kalikiliki kufufuza ngati galasi la foni lasweka.

Akalandira katemera wa miyezi 15, ambiri amasowa. Amaiwala kuti sikelo ndi ya mwana kufikira zaka 5, ndiponso kuti vitamini A amaperekedwa miyezi 6 iliyonse. Buku lija limakatulukanso tsiku limene mwana watentha thupi pakati pa usiku, litanyowa ndi mafuta ophikira, tsamba la makilogalamu litakulungira mtedza.

Inu abambo, mwezi wamawa mubwere nokha, ndipo dzina la mwana muliloweze. A kabaza akweza mtengo.