Injiniya wa mswachi

Foni yanga inazima Lachiwiri. Kuno ku Kalingalinga ukangodandaula kuti foni yazima, akatswiri amatuluka ngati ngumbi mvula ikagwa. Amene anayamba kundigwira dzanja ndi mnyamata wa pa kantemba ka pafupi ndi msika.

"Ba mudala, ni software," anatero asanaitsegule n'komwe. Kwa iyeyu chilichonse ndi software. Galasi lasweka, software. Yagwera m'chimbudzi, software. Ngakhale mkazi atakuthawa n'kukakhala ku Mtendere, adzakuuza kuti banjalo likufunika kuflasha.

Zida zake ndinaziona ndi maso angawa: kabotolo ka sipiriti, laputopu yomanga ndi mphira wa legeni, ndi mswachi wothothoka umene ndikukayika ngati m'mawa sugwiranso ntchito ina. Amaupaka pa foni iliyonse mwaulemu, ngati sing'anga akuwaza mankhwala.

Kale munthu wa makompyuta ankavala tayi, n'kumakhala ku banki pa Cairo Road m'chipinda chozizira ngati mochale. Lamulo la 2018 limati wogwira ntchito imeneyi alembetse ku bungwe la akatswiri a makompyuta la ICTAZ. Injiniya wangayu satifiketi yake ndi mawu a penti pa chitseko, akuti Dokotala wa Mafoni.

Anaflashadi. Foni inayaka, koma zithunzi za malemu mayi anga zinapita, pamodzi ndi mawu amene ananditumizira pa WhatsApp ali m'chipatala. Pamenepo nthabwala zinandithera.

"Mukanasunga pa cloud, ba mudala."

Ndinayang'ana kumwamba. Mu Okutobala muno mtambo ungaupeze kuti?

Mtengo anati K200, ndiye ndinapita kukatapa ndalama pa kanyumba ka mobile money. Wokhalamo ndi mwana wa mlongo wanga, amene ali ndi digiri ya makompyuta ya pa yunivesite ya UNZA, kuseri kwa mpanda komweku. Chaka chachiwiri chino akutumiza makalata ofunsira ntchito, koma kulikonse akufuna amene wagwirapo kale zaka zisanu. Pamaliro ndi paukwati ndiye amalemekezeka, chifukwa azakhali onse amamuikira mzere kuti awakumbutse password ya Facebook.

Anamvetsera nkhani yanga osaphethira.

"Amalume, foni ija inalibe vuto. Chaja yanu ndiyo inaduka, ndinakuuzani Lamlungu."

Kenako anatsegula kabuku kake. "Mutapa zingati?"