Safunsa Wagula Foni

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sanatiuze kuti maliro ake anachitikira kuti. Ine ndikukhulupirira kuti mkuluyu sanafe. Amakhala cha ku Songani, pa msewu wa M3 wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, ndipo masiku ano amayenda ndi Itel m'thumba.

Dandaulo lake ndi lomveka. Foni yadzadza. Kanema wa chinkhoswe akabwera pa WhatsApp, foni imati malo palibe, chonsecho muli mapulogalamu amene iye sanaikemo, obwera nayo kuchokera ku fakitale, okana kufufutika. Munthu wagulitsa mpunga wa ku Domasi n'kugula foni, kenako foniyo izimuuza zoti ichi usakhudze? Apa ndili kumbali yake.

Ndiye wamva za root, njira yolandira makiyi onse a Android. Chida chotchuka pa ntchitoyi ndi Magisk, chimene John Wu wa ku Taiwan anatulutsa mu 2016. Mu 2021 Google inamulemba ntchito ku gawo la chitetezo cha Android. Inaona kuti katswiri wothyola maloko ndi bwino kumupatsa ulonda.

Choyamba, Safunsa ayenera kutsegula bootloader, chitseko choloŵera m'kati mwa Android. Foni imachenjeza m'Chingerezi kuti zonse za m'kati zifufutika. Iye saŵerenga, amangodina. Zithunzi za ana, nyimbo, manambala osunga m'foni, zonse psiti. Tinene zoona, malo apezeka.

Kenako amatsitsa module ya Magisk yochotsera mafayilo a system. Phula lenileni lili apa. Magisk sifufuta fayilo, imangoiphimba poyatsa foni kuti Android isaione. Fayiloyo ili phee pamalo pake. Ngakhale ikanachoka, Safunsa sakanapindula kanthu, chifukwa system imakhala m'chigawo chakechake, chosiyana ndi chimene amasungamo makanema, ndipo kuyambira Android 10 ya mu 2019 mafoni ambiri anachimata chigawocho moti sichilembeka. Njuchi zamuluma, utsi wamulowa m'maso, uchi sanaulaŵe.

Koma dzanja likazoloŵera kudina silimva. Akuyang'ana mndandanda wa mapulogalamu. Dzina limene salidziŵa, ndiye kuti ndi lopanda ntchito. SystemUI? Sindinaigwiritsepo, ichoke. TeleService? Ine si wa Telekomu, ichoke. Sakudziŵa kuti yoyambayo ndi imene imajambula wotchi ndi timizere ta netiweki pamwamba paja, ndipo yachiŵiriyo ndi imene imalankhula ndi simu khadi. Akayatsanso, foni yabwino ikungoonetsa dzina la kampani, kuzima, kuonetsanso, kuzima, mpaka batire kutentha. Ikachita chifundo n'kuyaka, *211# ya Airtel Money sikuyankha, *444# ya Mpamba nayo zii, ndipo wogulitsa matemba pamsika akudikira ndalama yake, manja m'chiuno. Mapulogalamu ena a mabanki nawo akanunkhiza root amakana kutseguka.

Chondiseketsa n'chakuti Safunsa wa lero amafunsa ndithu. Amafunsa mnyamata wa pa YouTube amene ali kutsidya la nyanja, akulankhula chinenero china, atagwira foni ya mtundu wina. Wokonza mafoni amene amamudutsa tsiku lililonse popita kukakwera minibasi, ameneyo ayi, angamudyere ndalama. Akanamufunsa, akanamva kuti mu Settings muli batani la Disable limene limagoneka mapulogalamu ambiri otere popanda root. Akanamvanso kuti foni ikakakamira chifukwa cha module, kugwira batani lotsitsa voliyumu poyatsa kumailowetsa mu safe mode, ndipo Magisk imazimitsa ma module onse yokha.

M'malo mwake, m'maŵa mwake akufika pa benchi ya wokonza uja, foni ataikulunga m'kampango, kuti aiflashe.

"Munaichita chiyani, achimwene?"

"Palibe. Inangozima yokha."

Wokonzayo walumikiza chingwe ku kompyuta, waona kuti bootloader ndi yotsegula, wagwedeza mutu mwaulemu, ndipo mtengo wakwera.