Mbalame zogona chagada m'makabati a ku Ulaya

Akatswiri a mbalame ali ndi lamulo lawo: ukati wapeza mtundu watsopano, usatitopetse ndi pakamwa, bweretsa mtembo. Mbalameyo amaisenda, chikopa n'kuchiphatika thonje, kumwendo n'kumangako kapepala kosonyeza malo ndi tsiku, basi n'kuigoneka chagada m'kabati ya ku myuziyamu. Imeneyo ndiyo mboni ya dzinalo mpaka kalekale. Ku Tring, ku England, kwagona zikopa pafupifupi 750,000. Mbalamezo zilibe vuto, vuto ndi anthu ake.

Tiyambe ndi za kwathu konkuno. Mu 1893, George Shelley analandira kambalame koluka zisa kochokera kuno ku Malawi, ndiye anati akapatse dzina lolemekeza Bertram Sclater, msilikali wolambula misewu m'nthawi ya atsamunda. Cholembera chinaterereka, analemba kuti bertrandi. Malamulo a mayinawa alibe chisoni, chomwe chasindikizidwa koyamba chimakhala chomwecho. Ndiye kwa zaka zoposa 130 tsopano, Bertrand wina wosadziwika kwawo akudya ulemu wa eni ake.

François Levaillant, Mfalansa amene anayendayenda ku South Africa m'zaka za m'ma 1780, ndiye anali dolo. Anatulutsa mabuku okongola a mbalame za mu Africa, anthu n'kumawomba m'manja. Patapita zaka, Carl Sundevall wa ku Sweden anakhala pansi kuwafufuza tsamba ndi tsamba. Zina mwa mbalame zomwe mkuluyo ankati anaziona ndi maso ake zinapezeka kuti kwawo ndi kumaiko ena kutali, mu Africa muno sizinapondemo. Zina ndiye zinali zolumikiza, mutu wa iyi, mchira wa iyo, nthenga zomata. Telala wa zigamba angachite nsanje. Komabe timupatseko ulemu pang'ono: mbalame ina anaitcha dzina la Klaas, munthu wa mtundu wa Khoikhoi amene ankayenda naye, pomwe anzake ankangotchana okhaokha.

Ku Somalia kunachitika zomvetsa chisoni moseketsa. Mu 1988, pabwalo la chipatala ku Bulo Burti panaoneka mbalame yachilendo. Anaigwira, koma mtima wopha unawasowa: nanga ikakhala yotsala yokhayo padziko lonse? Nkhondo itavuta anaikweza ndege kupita nayo ku Germany, komwe inakadya zabwino, kenaka mu 1990 anaibweza kwawo n'kuimasula. M'kabati munangotsala timagazi ndi nthenga zothothoka. Mu 1991 anaipatsa dzina loti Laniarius liberatus, akatswiri n'kuyamba kulozana zala, ena akuti mboni yopanda mtembo si mboni. Pofika 2008 DNA inaulula kuti inali mbalame yodziwika kale, yangosiyana ndi abale ake mtundu wa nthenga. Inapita ku Ulaya ulere, n'kubwerako yamoyo, ilibe ndi pasipoti yomwe.

Ku Liberia nakonso Wulf Gatter analengeza mbalame yatsopano mu 1985, mboni yake chikopa chimodzi chokha. Anthu anasakasaka m'nkhalango, udzudzu ukuwadya, osaionanso. Mu 2017 anayeza chikopa chija: inali mbalame wamba yomwe inkawalirira pamutu masiku onsewo, kungoti iyoyo inali ndi timawanga pamapiko.

Akuba nawo sasowa. Richard Meinertzhagen, msilikali wotchuka amene anakhalako ku Kenya, ankasolola zikopa m'mamyuziyamu, kusintha timapepala, n'kumati anawombera yekha. Atamwalira mu 1967, katundu wake yense anali m'manja mwa imodzi mwa mamyuziyamu omwe ankawabera aja. Akatswiri anayamba kumutulukira m'ma 1990, ndipo kusanthula bodza lake kwawadyera zaka zambiri.

Koma wopambana onse ndi Edwin Rist, mnyamata wa ku America woimba chitoliro. Mu 2009 anaswa zenera ku Tring n'kulonga mbalame 299 m'sutikesi, cholinga akagulitse nthenga kwa anthu okongoletsa mbedza zophera nsomba. Zambiri anazidula timapepala tija, ndipo chikopa chopanda kapepala kwa katswiri n'chinyalala. Khoti linamugamula miyezi 12, koma linati akakhale kunyumba bola asalakwenso. Inu owerenga, musayesere zimenezi pa nkhuku ya aneba.